Makiyi a achemwali ndi ayironi yosowa

Achemwali anga munthu unkawamva usanawaone. Ankayenda ndi mulu wa makiyi pa lamba wa m'chiuno, ndiye akamakwera masitepe pankamveka ngwerengwere kuchokera pansi mpaka m'mwamba. Anthu a pa mdadada paja anawatcha Mayi Makiyi, ndipo iwo dzinalo analilandira ndi manja awiri. Ine ndine mlongo wawo wotsiriza, ndimayendetsa takisi. Kwathu amanditcha Phuma, ati ndimayankha funso lisanathe. Amawonjezera, koma pang'ono.

Ntchito ya m'zipinda anaiyamba ali mtsikana, ku hotela ina yaikulu. Anayamba ndi kukolopa makonde, kenaka kuyala mabedi, mapeto ake n'kukhala mkulu wa amayi onse okonza zipinda. Alamu anga anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo akadali ku pulayimale, ndipo mwanayo anaphunzitsidwa ndi mabedi amenewo mpaka anapeza ntchito yabwino kutali. Achemwali atapuma ntchito anayamba kuonda tikuona. Ankasesa bwalo losesa kale, kuchapa makatani oyera, kukalipira nkhuku za aneba zosalakwa. Mwana wawo ataona choncho anagula fulati ya zipinda ziwiri pafupi ndi chipatala chachikulu, n'kuiika pa intaneti paja alendo amapezerapo nyumba zogona masiku ochepa. Iye ndi mkazi wake ankayankha mauthenga ali kutaliko. Achemwali ankalandira alendo, kuwapatsa kiyi, n'kukonza m'nyumba akachoka. Ine ndinkawatenga alendowo ku depoti, ndipo ndikasowa ulendo ndinkanyamula mitolo ya zochapa. Tsiku limene anamangirira makiyi a fulatiyo m'chiuno, achemwali anabwerera utsikana.

Ntchito ankaidziwa, pamenepo pokha ndingakangane ndi aliyense. Mlendo akachoka sankalowa msanga. Ankaima pa chitseko, n'kununkhiza, maso akuyenda. Kenaka umangomva, "Awa amakangana, mwamuna wagona pa sofa." Kapena, "Uyu amasuta, koma ndi waulemu, amasutira pa windo." Chingwe chilichonse, cha ketulo, cha fani, cha ayironi, ankachikulunga mopingasa pa zala ziwiri, n'kumanga pakati ndi kansalu kong'amba ku shiti yakale ya pabedi. Mfundo yake inali ya khutu limodzi, yoti ukakoka imangomasuka. Anaiphunzira ku hotela kwa mayi wina amene anamwalira kalekale. Ine ndayesapo kangapo, zala zanga za chiwongolerozi zinakana.

Chimene chinkandichititsa manyazi ndi ichi. Akamva kuti mlendo akubwera ndi mwana wamng'ono, mayi wamkulu uja ankagwada n'kuyamba kukwawa m'nyumba monse, makiyi akukhukhuluzika pansi. Ati ukafuna kudziwa chimene mwana angakoke, utsike ufike pa msinkhu wake. Chilichonse cholendewera, chakuthwa kapena chotentha ankachikweza m'mwamba. Ndikati, "Achemwali, maondo amenewo mudzawafunatu," ankati, "Iwe Phuma, m'manja mwanga simunavulalepo mwana wa munthu, ndipo simudzavulala."

Za kuba anali ndi lamulo lawo. Alendo ankatenga ndithu tina ndi tina, kathawulo, kasupuni, wina anachotsa mpaka mabatire a mu rimoti. Ine ndinkati tiwaimbire, tiwauze zoona zawo. Iwo ankakana. Ankati ku hotela chinthu chikasowa, woyamba kusechedwa anali mayi wa m'chipinda. Iwo omwe anawasechapo pa geti, anzawo akuonerera, chifukwa cha wotchi ya mlendo imene inadzapezeka m'thumba la jekete la mwini wake. Palibe amene anawapepesa. "Dzina lakuti wakuba silichapika," ankatero. "Usamupatse munthu ngati sunamugwire dzanja."

Mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawoyo, ndi munthu wabwino koma wokhulupirira foni. Anawapempha kuti azijambula zithunzi m'nyumbamo mlendo asanalowe komanso akachoka, kuti chinthu chikasowa pakhale umboni. Achemwali anamvetsera mpaka kumapeto, n'kudzigogoda pa mphumi. "Hotela yonse ija inkakhala muno. Ndinkadziwa chipinda chimene pilo yake ili ndi banga. Ndiye zipinda ziwiri zindikanike?" Nkhani ya zithunzi inathera pomwepo.

Zinayamba zazing'ono, zoti ukhoza kuseka. Mkaka ndinaupeza m'kabati ya sopo. Tsiku lina anandiuza nkhani imodzimodzi mobwereza pa ulendo umodzi, ine n'kumayankha ngati ndi yatsopano. Kenaka anasiya mpopi wa kubafa uli chotsegula, madzi n'kudontha mpaka pa makina a telala wa pansi, ndipo telala uja pakamwa pake sipatseka. Posakhalitsa mlendo wina anaima pa geti ndi masutikesi dzuwa likuswa mtengo, achemwali ali kwawo akumwa tiyi, osadziwa kuti ndi tsiku lake. Mlendoyo analemba ndemanga yowawa pa intaneti paja, aliyense n'kumawerenga.

Apa mwana wawo anaimba. Ine ndinalipo, foni ili pa sipika. Analankhula mofatsa, monga amachitira ana ophunzira akafuna kukubaya osamva kuwawa. "Amayi, mwatopa. Pali kampani yoyang'anira nyumba zoterezi. Chikachitikanso china tiwapatsa makiyi, inu mupume." Achemwali anangoti, "Ndamva," dzanja lili pa makiyi aja.

Kupuma kumeneko ife timakudziwa kumene kumathera. Mayi athu anayamba chimodzimodzi, shuga m'nsapato, mpopi wosatseka. Amene anawasamalira mpaka kumapeto ndi achemwali omwewa, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kukawatola kumsewu akazemba. Ndipo ndi achemwali omwewa amene mayi anawayang'ana tsiku lina n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Kodi inu mayi, ndinu a kuti?" Nkhani imeneyi ine ndi achemwali sitinkaikamba. Inkangokhala pakati pathu m'galimoto ngati munthu wokwera osalipira.

Ndiye kunabwera mphunzitsi wina, mayi wachitsikana, ndi kamwana kake kakakazi. Kamwanako kanabadwa ndi phazi lopindika, ndipo madokotala a pa chipatala chachikulu ankaliongola pang'onopang'ono, moti ankayenera kumabwerabwera. Kuyenda kanali kasanayambe, koma kukwawa kokha kankakwawa liwiro. Ndinawatenga ku depoti, n'kuwasiya pa geti m'manja mwa achemwali, ine n'kuthamangira ulendo wina. Anakhala masiku angapo osamveka ndi phokoso lomwe. Pochoka ndinawanyamulira chikwama mpaka m'galimoto, ndipo chikwamacho chinandikoka phewa.

M'mawa mwake foni inalira ndikuthira mafuta. "Phuma, bwera. Ayironi kulibe."

Muimvetse ayironi imeneyi. Siinali yawamba ayi. Inali yaikulu, yotulutsa nthunzi, yoti malaya umangowayandikiza n'kuongoka okha. Anaitumiza ndi mpongozi, ndipo pa intaneti paja inali ndi chithunzi chakechake ngati mwana woyamba kubadwa. Malo ake anali pa shelefu ya m'munsi m'chipinda chogona, pambali pa thabwa lositirapo. Nditafika ndinapeza thabwa lili chiimire, shelefu ilibe kanthu, achemwali ali pakati pa chipinda, mashiti ali mbwee pansi. Chibadwire sindinawaonepo ataponya shiti pansi.

Tinasaka paliponse. Pansi pa bedi, pamwamba pa kabati ya zovala, kuseri kwa sofa, mu uvuni. Filiji ndinaitsegula mozemba, ngati ndikufuna madzi akumwa. Anandiona, makutu anga n'kutentha. Pomaliza anakhala pa bedi losayala lija.

"Chikwama cha mtsikana uja unanyamula ndiwe," anatero. "Chinali bwanji?"

"Cholemera ngati munali njerwa," ndinayankha asanamalize bwino. "Ndinadabwa ndithu. Munthu wa mwana mmodzi, katundu ngati akusamuka."

Pamenepo ndinaona chinthu chimene chinandiopsa kuposa kusowa kwa ayironi. Nkhope ya achemwali inamasuka. Anapuma mpweya wautali, mapewa n'kutsika. Munthu akaberedwa amapsa mtima, koma achemwali anasangalala kuti aberedwa. Ndipo inenso ndinafuna ndi mtima wanga wonse kuti mphunzitsi uja akhale wakuba. Akakhala wakuba, makiyi atsala m'chiuno mwa achemwali ndipo mutu wawo uli bwinobwino. Akapanda kukhala wakuba, ndiye kuti ayironi waisowetsa ndi mwini makiyi, ndipo tonse tinkadziwa chotsatira chake.

Mwana wawo anamvetsera nkhani yonse pa foni. Anati kampani ya pa intaneti ija imabwezera chinthu chobedwa, bola dandaulo lipite mlendo wina asanalowe, ndipo mlendo wina ankafika mawa lake. "Koma amayi, mukutsimikiza? Tikadandaula akhoza kumuchotsa mayiyo pa intaneti paja, ndipo pa dzina lake palembedwa kuti anaba. Palibe amene adzamulandirenso."

Ndinadikira kuti achemwali atchule lamulo lawo lija, loti dzina la wakuba silichapika. Sanalitchule.

"Ndikutsimikiza," anatero.

Kumbuyo kwa mwanayo tinamva mawu a mpongozi, otsika koma omveka: "Afunseni ngati ayang'ana kunyumba kwawo." Achemwali anatsinzina. Ine magazi anandithamanga. "Uwauze akazi akowo kuti amayi ako sanapenge," ndinatero.

"Amalume, palibe wanena zimenezo. Muyambe mwalankhula naye mlendoyo. Mawa masana ndikatuluka kukadya, nditumiza dandaulo."

Tinamuimbira tili m'fulati momwemo. Achemwali anayamba mwa ku hotela, ulemu wothira mafuta. Anafunsa za ulendo, anafunsa za phazi la mwana, kenaka anati, "Mwananga, nthawi zina polongedza mwachangu chinthu chimalowa m'chikwama munthu osadziwa. Ayironi ija sitikuiona."

Pa foni tinkamva kamwana kaja kakulira chapatali.

"Amayi," anatero mphunzitsiyo, "ayironi munaitenga nokha, tsiku lomwe tinafika. Mwanayu anakwawira ku shelefu n'kukoka kansalu, chingwe n'kumasuka, inu munaiwakha isanamugwere. Munadandaula kwambiri. Munati mwaiwala kuti ndikubwera ndi mwana, simunakwawe m'nyumba. Ine sindinamve kuti kukwawa kwake n'kutani. Kenaka munaikulunga m'thawulo, munati mukaiika poti mwana sangafike. Masiku onse aja ndapita kwa dokotala ndi zovala zosasita, ndinkachita manyazi kukufunsani."

Achemwali anayang'ana ine. "Ine? Ine sindinaigwire. Phuma, ine sindinaigwire."

Ananena motsimikiza moti ndinawalanda foni. Ndinamuuza mayi uja kuti akuba a masiku ano amaba n'kupekanso nkhani pamwamba pake. Ndinamuuza kuti chikwama ndinanyamula ndine, kulemera kwake ndikukudziwa. Anayamba kulira. Anati munali makope a ana a sukulu amene ankachonga podikira dokotala. "Bambo," anatero, "tikuyenera kubweranso ku chipatala. Mukandilemba kuti ndine wakuba, ine ndi mwanayu tidzagona kuti?" Ndinamuyankha kuti zimenezo akanaziganiza asanatambasule dzanja, n'kudula foni.

Ndinkayembekeza kuti achemwali andiyamikira. Koma maso awo anali pa shelefu. "Za kukwawa wazidziwa bwanji?" anafunsa chapansipansi.

"Telala wa pansi uja. Pakamwa paja ndi wailesi, amauza aliyense wodutsa."

"Eya," anatero. "Telala."

Tonse awiri tinkadziwa kuti telala sanawaonepo akukwawa. Komabe potsika ndinalowa m'shopu mwake, ngati munthu womira amene akugwira ndi udzu womwe. Ndinamufunsa ngati anaona chachilendo pa mlendo uja. Telala sanadikire kawiri. Anati anamukayikira kuyambira tsiku loyamba, munthu wanji wopereka moni maso ali pansi. Anati ofatsa ndi amene amaopsa, ndipo iye anamuona akutuluka ndi kachikwama kofufuma. Ndinamufunsa liti, anati sakukumbuka bwino, mwina anali mlendo wa mwezi watha. Ndinatuluka mtima uli poipa kuposa mmene ndinalowera.

Tsiku lonselo ndinayendetsa galimoto ngati wophunzira. Ndinapitirira pamene kasitomala anati nditsike apa, ndinakalipira wa njinga amene anali kumbali kwake. Ndinkabwereza mawu a mphunzitsi uja, kufunafuna pamene pali bodza, osapapeza. Ine ndanyamulapo akuba ambiri m'galimoto muno, ndimawadziwa. Wakuba amakana, amakwiya, amati kanditengereni apolisi. Uyu anatchula thawulo ndi kansalu.

M'mawa nditapita kukawatenga achemwali kwawo, ndinapeza nyumba ili ngati mwalowa mphepo. Masutikesi ali chotsegula, madiresi pa mipando, mapoto panja. Achemwali, munthu amene sagona supuni ili pa sinki. "Ndimakonza," anatero ndisanafunse. Maso anali ofiira. M'galimoto, titafika pa maloboti a pafupi ndi chipatala, anafunsa akuyang'ana kutsogolo: "Mayi athu aja ankadziwa kuti akuiwala?"

"Musayambe zimenezo, achemwali."

"Ndikufunsa. Iwe unkaona bwanji? Poyamba paja, ankadziwa?"

Loboti inasintha, wa kumbuyo analiza hutala, ine ndinatulutsa mutu pa windo n'kumutukwana mokwanira.

Ku fulati tinayamba kukonzera mlendo watsopano. Manja aja sanaiwale kanthu. Shiti anaikoka kamodzi n'kugona yokha, makona ake akuthwa, mapilo atadzuka. Anapukuta galasi la kubafa, anayesa mpopi, anabwerera kukauyesanso. Ine ndinkangoyang'ana foni, chifukwa masana ankayandikira, ndipo ndinkafuna dandaulo lipite nkhani ithe. Ndinkadziuza kuti mphunzitsi uja ndi wamng'ono, apeza pena pogona, koma achemwali anga alibe fulati ina.

Chinatsala ndi magetsi. Mlendo asanalowe timaonjezera mayunitsi, ndipo mita yake ili panja pa khonde, m'kabati yachitsulo yokhoma, pamwamba poti munthu uyenera kukwera pa mpando. Kiyi wake ndi mmodzi yekha, wamng'ono, ndipo ankakhala m'chiuno mwa achemwali. Ine ndikakhala palibe ankakwera okha. Tsiku limenelo anamasula kakiyiko, n'kundigwirira mpando.

Ndinatsegula. Pansi pa mita, pakona, panali thawulo loyera lopindidwa mwa ku hotela, lili ndi chinthu m'kati.

Ndinatseka chitseko msanga moti chitsulo chinalira.

"Muli chiyani?" anafunsa achemwali.

"Akangaude."

"Phuma, iwe chibadwire sunadziwepo kunama. Tsitsa."

Ndinatsika nalo. Anakhala pa mpando womwewo, pakhonde pomwepo, n'kufunyulula thawulo pa miyendo yawo. Ayironi inali momwemo, yopukutidwa bwino, chingwe chokulungidwa mopingasa, pakati kansalu ka shiti yakale, mfundo ya khutu limodzi. Anaisisita mfundoyo ndi chala kwa nthawi yaitali.

"Iyi ndi yanga," anatero. "Palibe wina amamanga chonchi."

"Ndiye mwakumbukira tsopano," ndinatero, ndikupempha mumtima.

Anapukusa mutu. "Ndikuiona, ndaigwira, mfundo ndi yanga. Ndiye kuti ndinakwera pa mpando uno, ndinatsegula ndi kiyi uyu. Koma m'mutu muno mulibe, Phuma. Ndikusuzumira, mulibe ngakhale kachidutswa."

Ine mantha akandigwira, pakamwa pamathamanga. "Tamverani. Palibe wationa. Tinena kuti inali m'buti ya galimoto yanga. Inalowa mu mtolo wa zochapa, ine wopusa sindinayang'ane. Mphunzitsi uja ayera, inu muyera, wolakwa ndine. Kutukwanidwa ine ndinazolowera, mpongozi wanu andinene mpaka atope. Makiyi akhala pomwe ali."

Anandiyang'ana ndi maso aja ankandiyang'ana nawo ndili mwana ndikanyambita shuga. Kenaka anamwetulira pang'ono. "Ndiwe mlongo wabwino, koma ndiwe chitsiru. Lero ndaiwala yozizira, yokulunga bwino. Mawa ndidzaiwala yoyaka, mwana wa munthu ali m'nyumba. Udzati inali m'buti?"

"Ndiziyang'anira ine. Ndizibwera tsiku lililonse, takisi idikire."

"Ukanama chifukwa cha ine lero, mawa ndikadzakufunsa chimene chachitika ndidzakukhulupirira bwanji? Mutu wanga wayamba kundinamiza. Iwe usakhale wachiwiri."

Pansi makina a telala ankalira ngati palibe chimene chachitika. Ndinkafuna kuitenga ayironi ija n'kuiponya kumsewu, ndinkafuna kulira, ndinkafuna munthu woti ndimumenye, koma panalibe wolakwa woti ndimuloze.

"Tulutsa foni," anatero achemwali. "Uyambe mwana wanga, dandaulo lisanapite. Kenaka mtsikana uja, ndipo iwenso uli naye mawu. Imba pompano, ndisanaiwale kuti taipeza."

Ndinaimba. Anamufotokozera mwana wawo zonse mwadongosolo, osachotsa osaonjezera, mpando, kiyi, thawulo. Mwanayo ndinamumva akumina. "Amayi, tikhoza kuganizanso, mwina amalume…"

"Ayi," anamudula. "Uwauze a kampani aja abwere. Koma uwauze kuti kukamabwera mwana azikwawa."

Kwa mphunzitsi sanazungulire. Anati, "Mwananga, unanena zoona. Ndinaitenga ndine, ndipo ndakupatsa dzina loipa lopanda chifukwa. Pepa." Mayiyo anati zikomo pondiuza, amayi, n'kuwafunsa ngati ali bwino. Achemwali anati sali bwino, koma akudziwa tsopano. Nditatenga foni ine, ndinangofika pa "Mayi, dzulo lija pakamwa pangapa," iye anati, "Ndamva, bambo," n'kudula. Sindinamuimbe mlandu.

Tinalowanso m'nyumba. Achemwali anafunsa ngati mlendo wa lero ali ndi mwana, ndinati alibe. Anaika ayironi pa shelefu yake, n'kuiongola kuti iyang'ane kutsogolo monga pa chithunzi. Anazungulira zipinda zonse ziwiri, anakhudza makatani, anayesanso mpopi. Anakhoma chitseko, n'kuima pakhonde akulimbana ndi lamba wa m'chiuno. Mphete ya makiyi inali itadya chikopa cha lambayo, inavuta kutuluka.

"Usunge iwe mpaka a kampani abwere," anatero. "Mlendo akafika umuonetse potsekera madzi. Usamuyankhe asanamalize kufunsa."

Ndinawaika makiyiwo m'thumba la jekete, n'kuwafumbata kuti asalire. Potsika masitepe ine ndinali patsogolo, mtolo wa zochapa uli pa phewa. Ndinkangocheuka, chifukwa kumbuyo kwanga sikunkamveka kanthu.